Mpando wa Kutsogolo mu Ambulansi

Tereza ndi Joakimu, ana anga, mwandipempha kangapo kuti ndilembe za ntchito yanga poti tsopano ndapuma ndipo nthawi ndili nayo yambiri. Za ubwana wanga ndizidumpha, munazimva kale mpaka kutopa nazo. Ndiyambira pamene ndinavala malaya oyera koyamba.

Nkhondo itangotha: Mavago

Titabwerako ku Malawi, kumene tinathawira nkhondo, ndinali nditazolowera kale fungo la mabala, chifukwa kumsasa wa othawa kwawo ndinkathandiza anamwino kutsuka zilonda. Ndinachita maphunziro a unamwino kuno ku Lichinga, ndipo nditamaliza ananditumiza ku posito ina ya zaumoyo, kachipatala ka kumudzi, m'boma la Mavago. Ndinapita pa lole, nditakhala pamwamba pa matumba a mchere. Amayi anu anatsala, Tereza ali kumsana, chifukwa kumeneko kunalibe nyumba yoti n'kusungamo banja. Positoyo inali ya zipinda ziwiri, khoma la kumbuyo lidakali ndi mabowo a zipolopolo. Majakisoni tinkawiritsa mumphika, magolovesi tinkachapa n'kuyanika pachingwe ngati matewera, ndipo mabandeji akatha tinkang'amba nsalu za pabedi.

Shefi wanga woyamba, ndiye kuti bwana wanga pantchito, anali Senyoro Bonomali, namwino wachikulire wa Chiyao, munthu woumira mawu. Tsiku lina thirakitala inagubuduzika ndi anthu ochokera kumsika, ndipo ovulala anawagoneka pabwalo la posito. Ine ndinathamangira kwa mayi wina amene ankakuwa kwambiri, mayi amene ankanditungira madzi masiku onse. Senyoro Bonomali anandigwira kolala n'kundibweza ngati mbuzi.

"Wolirayo mpweya ali nawo," anatero. "Pita kwa uyo wangoti zii."

Titamaliza, tikusamba m'manja, anawonjezera mawu amene ndayenda nawo moyo wanga wonse: "Pakhomo pano palibe m'bale, palibe mdani. Pali chifuwa chimene chikukwera ndi chifuwa chimene sichikukwera. Nkhope uziyang'ana pambuyo."

Sanakhalitse, anawasamutsira kwina, ndipo amene amayenera kulowa m'malo mwawo sanabwere. Ndinatsala ndekha zaka zingapo. Masiku a ntchito ankapita msanga, koma Lamulungu linali lalitali. Anthu a m'mudzimo ankandilemekeza, ulemu wotalikira, wosakhala nawe pamphasa. Nthawi ya mvula msewu unkaduka, ndipo pankatha miyezi osaona nkhope zanu. Ndinkakhala pakhonde ndi kawailesi, mabatire akafooka ndinkawayanika padzuwa kuti alankhuleko pang'ono.

Zaka za ku Lichinga

Pamene anandibweza ku Lichinga ndinaganiza kuti kukhala ndekha kwatha. Tinamanga nyumba ino ya ku Namacula, koma amayi anu sanaikhalitse. Inu mukudziwa mmene anapitira. Kenako Tereza unakwatiwa ku Nampula, Joakimu unapita kusukulu ku Beira n'kupeza ntchito komweko, nyumba n'kutsala ndi ine ndi mipando.

Amene anandichirikiza anali mlongo wanga, azakhali anu a Luwiza, amene ankagulitsa mbatatesi ndi nyemba kumsika. Iwonso anali wamasiye, ndi mwana mmodzi yekha, Fausto. Mwana wa mlongo wako ndi wako, mlandu wake ndi wako, ukwati wake ndiwe ukalankhule. Akalakwa kusukulu woitanidwa ndinali ine. Atafika pa unyamata, tsiku lina Luwiza anabwera naye kuchokera ku Sanjala kumene ankakhala, katundu ali m'thumba.

"Achimwene, uyu wandikulira mutu," anatero. "Azikhala kuno. Inunso mupeze wokuyankhani mukatsokomola."

Fausto anadzaza nyumba ndi phokoso. Ankakonza masipika ndi mawailesi a anthu, chipinda cha Joakimu chinasanduka cha mawaya okhaokha, ndipo chilichonse chimene wakonza ankachiyesa mokweza mpaka malata kunjenjemera. Ndinkadandaula, koma pakamwa pokha. Ndikamachokera kuntchito, nyimbo ndinkayamba kuzimvera patali, ndikumadziwa kuti kunyumba kuli munthu.

Loweruka la chikondwerero

Zinachitika m'nyengo yachisanu, kutatsala zaka zochepa kuti ndipume. Amalonda ena ochokera kunja kwa chigawo chathu cha Niassa anakonza chikondwerero chachikulu cha nyimbo, chimene mzinda uno unali usanaonepo. Zithunzi za oimba anazimata paliponse, pamitengo ya magetsi, pamakoma a mabaraka ogulitsiramo mowa, ngakhale kumbuyo kwa mashapa, maminibasi athu aja. Oimba ena anali a ku Malawi, ena a ku Tanzania, koma amene aliyense ankamudikira anali mnyamata wina wotchuka wa ku Maputo. Fausto anagula tikiti yake kudakali mwezi wathunthu.

Shefi wanga nthawi imeneyo anali Dona Ameliya, mayi wachilungamo koma wotopa. Anandiitana mu ofesi n'kundiuza kuti eni chikondwerero apempha tenti ya chithandizo choyamba, ndipo ine ndiye ndikaiyang'anira. Anandipatsa namwino wachitsikana, Felismina, bokosi la mankhwala, ndi ambulansi imodzi pamodzi ndi dalaivala wake, Che Saide. Ndinafunsa ngati sipangapezeke yachiwiri.

"Ina yapita ku Cuamba, inayo ili pamiyala, ilibe matayala," anatero. "Ndi nyimbo chabe, Enfermeyiro. Mukatsuka zilonda za oledzera basi." Kuntchito onse ankanditchula choncho, Enfermeyiro, ndiye kuti namwino.

Bwalolo linali kunja kwa mzinda pang'ono, kupitirira Lulimile. Analitchinga ndi mpanda wa malata kuzungulira, n'kusiya chipata chimodzi cha anthu ndi kachipata kakang'ono kumbuyo kwa nsanja ya oimba, kumene tinaimika tenti yathu. M'mawa kunali chisanu choluma zala, koma dzuwa litakwera kunatentha, fumbi lofiira lili kobo. Anthu anabwera pa malole ndi pa mashapa kuchokera ku Metangula, ku Mandimba, ku Cuamba. Pachipata panali alonda a kampani imene eni ake anailemba ganyu, anyamata ovala zakuda, zibonga m'manja. Aliyense wobwera ndi botolo la madzi ankamutayitsa, kuti akagule a m'kati. Madzi a m'katiwo anatha dzuwa lisanafike paliwombo. Mowa wokha ndiwo sunathe.

Cha masana Fausto anatulukira patenti, atanyamula chimanga chootcha.

"Amalume, idyani. Lero mumva nyimbo zenizeni, osati za kwaya yanu zija."

"Wamwa madzi iwe?"

"Madzi ali kuti? Tikamwa kunyumba." Anaseka n'kubwerera m'chigulu.

Oyamba kubwera nawo kwa ife anali okomoka ndi ludzu. Zimbudzi zinadzaza n'kuyamba kuyenderera kumene anthu anaima. Jenereta inkazima pakati pa nyimbo, ikayaka sipika imodzi n'kumangolira ngati nkhumba. Wolengeza ankangobwereza kuti woimba wa ku Maputo ali pamsewu, ali pafupi, afika posachedwa. Kunja kwa mpanda kunali khamu lina, ambiri matikiti ali m'manja, koma alonda anatseka chipata ati m'kati mwadzaza. Dzuwa litapendeka, mawu anayenda pakati pa anthu akuti woimbayo sanakwere n'komwe ndege, ali kwawo. Sindikudziwa amene anayambitsa, koma zinali zoona.

Botolo loyamba linagwera pansanja, kenako mabotolo anagwa ngati matalala. Oimba amene analipo anathawa n'kusiya magitala pansi. Akunja atamva mkokomo anaganiza kuti woimba uja wafika, ndipo anakankha mpanda mpaka malata a pachipata anagwa. Alonda anayamba kumenya aliyense amene anali pafupi, mkazi kaya mwamuna. A m'kati ankathawira kunja, akunja ankathamangira m'kati, onse n'kukumana pachipata chimodzi chija. Ine ndinakwera pakreti kuti ndione, ndipo ndinaona mitu ikumira pakati pa mitu ina osatulukanso. Anyamata ena anagwetsa mabaraka a mowa n'kuyatsa moto. Atsikana ankafika patenti zovala zitang'ambidwa, osatha kulankhula. Ndinaonapo zoopsa nthawi ya nkhondo, koma kumeneko unkadziwa amene ukumuthawa. Apa anthu amene m'mawa ankavina limodzi ndiwo ankapondana.

Tenti inadzaza. Panali mayi woyembekezera amene anamuponda pamimba, akutaya magazi. Panali bambo wachikulire wogulitsa mtedza, wosatsitsimuka. Awiriwa tinawagoneka kumbuyo kwa ambulansi, wina pamachira wina pansi, Felismina atanyonyomala pakati pawo atagwira mabotolo a soro, madzi a diripi aja. Pomwepo mayi wina wogulitsa mandazi anafika akukoka munthu amene anamufunditsa chitenje. Nditachotsa chitenjecho ndinapeza kuti ndi mmodzi wa alonda aja, mnyamata wamng'ono, malaya akuda atang'ambika. Khamu linamugwetsa n'kumupondaponda. Mbali imodzi ya chifuwa sinkakwera, milomo inali ngati phulusa, ndipo ndikamugoneka ankabanika, ankapumako pang'ono akakhala tsonga basi.

Ndili chigwirire mlondayo, ndinamva mawu kumbuyo kwanga: "Amalume." Anali Fausto, anzake awiri atamugwira m'mapewa, malaya atamanga kumutu. Anzakewo anati ankadzutsa mtsikana amene anagwa pachipata, mlonda wina n'kumumenya chibonga pamwamba pa khutu. Anakomoka pang'ono, kenako anadzuka yekha. Ndinamuyang'ana m'maso, onse awiri anali bwino. Ndinamufunsa dzina la amayi ake ndi tsiku, anayankha. Manja ankafinya mwamphamvu. Bala lenilenilo linali laling'ono.

Che Saide anabwera akuthamanga. "Enfermeyiro, akuyatsa matayala pamsewu. Tikachedwa sitituluka."

Malo otsala anali amodzi, mpando wa kutsogolo pafupi ndi dalaivala. Tinayesa kuwakweza onse awiri, koma mlondayo atangopanikizika m'nthiti maso anatembenuka, mpweya n'kuima, ndipo tinawatsitsa onse awiri msanga. Che Saide anandikokera pambali n'kunong'ona.

"Uyu ndi mwana wanu. Mukwezeni iyeyu. Wallahi, palibe angakudzudzuleni."

Anzake a Fausto anamva. "Madala, mukufuna kukweza galu ameneyu? Anthu amenewa ndiwo amumenya!"

Fausto sanakuwe. Anangondiyang'ana n'kunena motsitsa, "Amalume, mutu ukundiwawa kwambiri."

Musaganize kuti sindinkadziwa chimene chibonga cha pamwamba pa khutu chingachite. Ndinkadziwa kuti munthu amatha kulankhula bwinobwino magazi akudzaza m'kati mwa chigaza. Koma chimenecho chinali choti mwina. Chimene chinali pamaso panga chinali chifuwa chosakwera, munthu woti sakanafika ngakhale kulowa kwa dzuwa. Ndinawerengera kuti ulendo wa kuchipatala ndi waufupi, ambulansi ipita n'kubwerera, Fausto akwera ulendo wachiwiri. Ndinamunyamula mlondayo n'kumukhazika pampando, ndinatseka chitseko ndi manja angawa.

"Pitani, mukatsitse, mubwerere pompano," ndinatero kwa Che Saide.

Iye analiza galimoto. Atangotuluka pakachipata, anthu anaona malaya akuda pampando wa kutsogolo ndipo anayamba kugenda. Galasi linasweka, Che Saide anachekeka kumaso, koma anadutsa. Kubwerera ndiye kunakanika. Msewu anautseka ndi miyala ndi matayala oyaka, ndipo pa foni ankangondiuza kuti, "Ndili pano, ndikuona utsi, sakundilola."

Ndinatsala ndekha ndi tenti yodzaza. Fausto anakhala pakreti pafupi nane, mpaka anandigwirirako bandeji pamene ndinkamanga mwendo wa mtsikana wina. Kenako anasanza. Anati akufuna kugona pang'ono. Nditamutsegula zikope, diso limodzi linali litakula, lakuda bii. Ndinamuitana, anayankha ngati munthu wa kutsidya la mtsinje. M'bokosi langa munalibe chilichonse chothandiza vuto limenelo, chofunika chinali dokotala ndi chipinda cha opaleshoni. Ndinamukhazika pamiyendo panga, kwinaku ndikuuza anzake mmene angamangire mabala a enawo, chifukwa manja anga sakanachokanso pa iye.

Apolisi anafika dzuwa likulowa n'kutsegula msewu. Anatikweza kumbuyo kwa galimoto yawo. Fausto anatsirizikira pamiyendo panga tikudutsa Lulimile, anthu ali m'mbali mwa msewu kuonerera utsi.

Maliro ndi pambuyo pake

Nkhani inafika ku Sanjala ine ndisanafike. Anzake aja anaifotokoza mmene anaionera, ndipo sananame: amalume ake anakweza mlonda n'kusiya mwana wa mlongo wawo. Pa maliro a mwana wa mlongo, malume ndiye mwini zonse, ndiye amalandira anthu, ndiye amalankhula kumanda. Akuluakulu a banja anandiitanira kuseri kwa nyumba n'kundiuza kuti ntchitoyo apatsa msuweni wathu wina, ine ndingokhala pansi. Ndinakhala pansi. Amene munabwera ku maliro munaona kuti mphasa imene ndinakhalapo inali ndi malo ambiri.

Luwiza analankhula nane kamodzi kokha, titabwerako kumanda. Anandipeza nditaima pafupi ndi mulu wa nkhuni. Mawu anali atamuthera ndi kulira.

"Anakuuzani kuti mutu ukumuwawa?"

"Anandiuza."

"Ndiye kuti munamva."

"Ndinamva, amake Fausto. Koma winayo..."

Sanadikire. Analowa m'nyumba. Patapita masiku anatuma anyamata ndi ngolo kudzatenga katundu wa mwana wake. Anatenga zonse, masipika, mawaya, ngakhale misomali imene ankapachikapo zida. Ndinawathandiza kunyamula.

Mayi woyembekezera uja anachira koma mwana anapita padera. Bambo wa mtedza anamwalira. Mlondayo anakhala moyo, anandiuza ndi Felismina, ndipo atatuluka m'chipatala anabwerera kwawo ku Cuamba. Sindinapite kukamuona ali m'chipinda cha odwala, ndipo dzina lake sindinafunse. Kaya ndi iyeyo anamenya Fausto kaya ndi mnzake, sindikudziwa, ndipo sindinafune kudziwa. Eni chikondwerero anachoka mumzinda Loweruka lomwelo. Pamsonkhano wa anamwino Dona Ameliya anayamba kundiyamikira pamaso pa anzanga, ati ndinasonyeza chitsanzo. Ndinaimirira n'kuwapempha kuti asiye, ndipo anasiya.

Ana anga, ndaiganizira nkhaniyi m'njira zonse. Mutandibwezera patenti paja, ndi maso omwewo ndi zimene ndinkadziwa pa nthawiyo, ndingakwezenso mlondayo. Sindikulemba kuti ndipepese, kapena kuti mundigomere. Kungoti kukhoza kumeneko sikunandiphikire tiyi, sikunandipatse moni kutchalitchi. Zaka zotsala za ntchito ndinazigwira mwakachetechete. Anzanga ankandilemekeza, achibale ankandilambalala. Ndikapita kumsika ndinkazungulira njira yaitali kuti ndisadutse pamzere wa mbatatesi. Che Saide yekha ndiye ankabwera Lachisanu lililonse akachokera kumzikiti. Tinkakhala pakhonde osalankhula zambiri, chipsera chili pamphumi pake, mpaka naye anapuma n'kubwerera kwawo ku Mwembe. Tsiku limene ananditsanzika kuntchito anandipatsa bulangete ndi wotchi ya pakhoma. Wa kubanja panalibe ndi mmodzi yemwe. Ndinabwera nazo kunyumba pa njinga yamoto ya ganyu.

Chaka chino

Mvula itangosiya, kunabwera mayi wina woyandikana ndi Luwiza. Anaima pachipata osafuna kulowa. Anati azakhali anu ali ndi matenda a shuga, ndipo chilonda cha kuphazi chakana kupola. Kuchipatala anawauza kuti chizitsukidwa tsiku lililonse, apo ayi phazi lidzadulidwa, koma iwo sangathe kuyenda ulendo umenewo masiku onse.

"Akutumani ndi iwowo?" ndinafunsa.

"Sanandituma. Koma nditatchula dzina lanu sanandikalipire."

M'mawa mwake ndinagula soro, thonje ndi mabandeji, n'kuyenda wapansi mpaka ku Sanjala. Ndinamupeza Luwiza atakhala pampando pakhonde, atafunda nsalu ziwiri. Wakalamba, ana inu, kuposa ine mkulu wake. Ndinapereka moni, sanayankhe. Ndinagwada pansi n'kutsegula chikwama. Kenako iye anatambasula mwendo pang'onopang'ono n'kuika phazi pabondo langa, nkhope atayang'ana kumsewu. Chilondacho chinali choipa. Ndinachitsuka, ndinachotsa mnofu wakufa, ndipo ngakhale ndikudziwa mmene zimapwetekera sanatulutse liwu. Nditamanga bandeji anabweza mwendo wake.

"Zikomo, Senyoro Enfermeyiro," anatero.

Chibadwire chake anali asananditchulepo choncho. Ndinatseka chikwama n'kuimirira.

Ndakhala ndikupitako m'mawa uliwonse. Chilonda chayamba kufiira m'mbali, chimene ndi chizindikiro chabwino, ndipo ndikuona kuti phazilo lipulumuka. Mawu ake akadali omwewo, ndikamaliza amathokoza Senyoro Enfermeyiro, ine n'kunyamuka. Monga namwino ndikufuna chipole msanga. Koma ndikamabwerera ku Namacula ndimadzifunsa kuti chikadzapola ndidzapita ndi chifukwa chanji. Thonje latsala pang'ono, ndiyenera kukagula lina kusitolo asanatseke.